Mmene tinapezera thandizo lophunzitsira Chiarabu pasukulu yathu ku Mulanje

Tsopano popeza lipoti lomaliza lalandiridwa ndipo ana akutha kulemba maina awo m'Chiarabu, ndikhoza kulongosola mmene zinayendera mtima utazizirirapo. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mulanje, ndipo ndine amene komiti inandisenzetsa ntchito yothamanga ndi mapepala pamene bungwe lina lothandiza pa maphunziro linalengeza kuti lili ndi ndalama zopereka kwa sukulu zofuna kuphunzitsa chinenero cha Chiarabu pamodzi ndi chikhalidwe cha eni ake. Za kalembedwe ka pulopozo sindikambapo zambiri, chifukwa mphunzitsi aliyense wozolowera kulemba sikimu angathe kudzaza fomu yake. Chimene chinandidyera nthawi, ndalama za thiransipoti ndi mtendere wa mumtima ndi akaunti ya kubanki, ndipo ngati mwa zonsezi mutolapo chimodzi, tolani ichi: musanatumize pulopozo, onetsetsani kuti dzina la komiti yanu lalembedwa mofanana, chilembo ndi chilembo, pa pepala lililonse limene mudzapite nalo kubanki.

Bungwe lopereka thandizo silitumiza ndalama ku akaunti ya munthu, ngakhale munthuyo akhale a hedi, ndipo lathuli linakananso kuziika mu akaunti yaikulu ya sukulu poopa kuti zingasakanikirane ndi ndalama zina. Linafuna akaunti yapadera ya komiti yoyendetsa ntchitoyi, yokhala ndi anthu atatu osaina, awiri mwa iwo azisaina pa ndalama iliyonse yotuluka. Lamulo limeneli ndi labwino ndipo sindikulidandaula. Chimene ndikudandaula ndi mmene banki ina, imene sinditchula dzina lake, inatiyendetsera. Titafika koyamba anatipatsa mndandanda wa zofunika: malamulo oyendetsera komiti, maminitsi a msonkhano umene unasankha osaina, kalata ya a hedi yokhala ndi chidindo, ziphaso za unzika ndi zithunzi za osaina onse. Tinasonkhanitsa zonsezo, osaina atatu tinakwera minibasi, ndipo mayi wa pakauntala atayang'ana mapepalawo anatibwezera akunena kuti pa malamulo dzina la sukulu lalembedwa lonse pamene pa chidindo lafupikitsidwa kukhala CDSS. Chidindocho chinasemedwa kalekale, a hedi amene alipowa asanabwere n'komwe, ndipo makalata onse a sukulu akhala akuyenda nacho popanda wochikana.

Tinalembanso malamulo kuti agwirizane ndi chidindo. Pobwerera tinapeza munthu wina pakauntala, ndipo uyu sanaone vuto pa chidindo koma pa wapampando wathu. Bambo ameneyu mudzi wonse umamudziwa ndi dzina la mfunda, ndipo mlembi wa komiti analemba dzina lomwelo m'maminitsi, pamene pa chiphaso cha unzika pali dzina la bambo awo. Anati m'maso mwa banki awa ndi anthu awiri. Ndinafunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi simungationere mapepala onsewa lero, kuti ngati pali cholakwika china tikachikonzere limodzi?" Anandiyankha kuti iye amaona chimene chili patsogolo pake, zotsalazo akaona akuluakulu ake mapepala akadzalowa. Ndi yankho limeneli limene limandiwawabe mpaka lero, chifukwa zolakwika zonse zimene anatibwezera nazo zinalipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo munthu wachifundo akanatha kuziwerenga zonse pa mphindi zochepa. Ulendo uliwonse unkatanthauza kuti ine ndisiye makalasi anga, wapampando asiye munda wake wa chinangwa ndi nandolo, ndipo msungichuma, amene amathyola tiyi ku esiteti, ataye malipiro a tsikulo. Ndalama za minibasi zinkachoka m'matumba mwathu, pakuti bajeti ya thandizo silipira zimene mwawononga ndalamazo zisanafike.

Ndiyenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa banki isanayambe kutivuta panali nkhani ya chilolezo. Mphunzitsi wamkulu alibe mphamvu yowonjezera phunziro latsopano pa ndandanda wa maphunziro mwa iye yekha, popeza silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndipo mayeso amalembetsa ndi a MANEB. Njira imene inatiyendera ndi yoti Chiarabu chikhale kalabu ya masana, maphunziro a tsikulo atatha, monga mmene timachitira ndi makalabu a zachilengedwe kapena a sewero. Kalata yodziwitsa akuluakulu a maphunziro inapita ku Shire Highlands Education Division, imene imayang'anira masekondale a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu. Anzanga a kupulayimale ayambe ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a dera lawo, kenako ofesi ya maphunziro ya paboma. M'kalatayo nenani momveka kuti kalabu si yokakamiza, siidya nthawi ya maphunziro a mayeso, ndipo ana salipira kanthu. Sungani fotokope ya yankho lake, chifukwa opereka thandizo adzalifuna, ndipo nalonso lionetse dzina la komiti monga lilili pa mapepala ena onse.

Msonkhano wa makolo ndi umene ndinkauopa kwambiri, koma ndi umene unandiphunzitsa zambiri. Kuno kwathu ambiri ndi Akhristu, Asilamu alipo ndithu makamaka m'malo a malonda, ndipo pafupifupi aliyense amadziwa Chiarabu ngati chinenero cha kumzikiti ndi kumadrasa. Pa kalembera wa 2018 Asilamu anali pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo nkhani za chipembedzo m'sukulu zinayambanitsapo anthu kangapo, choncho mantha a makolo sanali opanda maziko. Mayi wina wa mvano anaimirira n'kufunsa mosabisa mawu kuti, "Aphunzitsi, mukufuna kutisinthira ana athu chipembedzo kodi?" Tinali titapempha a gulupu, abusa ndi a shehe kuti akhale kutsogolo pamodzi, ndipo amene anayankha bwino koposa anali a shehe. Anati Korani amaphunzitsa iwo kumadrasa ndipo sakufuna kuti sukulu iwalande ntchitoyo. Chimene kalabu idzaphunzitse ndi chinenero cha m'manyuzipepala, m'mawailesi ndi m'maofesi, chimene chimagwira ntchito m'maiko 22 a mu Arab League, ndipo chakhala chimodzi mwa zinenero za bungwe la United Nations kuyambira 1973. Ine ndinawonjezera kuti ku Egypt ndi ku Lebanon kuli Akhristu ochuluka amene amawerenga Baibulo ndi kuimba nyimbo zawo m'Chiarabu. Abusa atavomereza mfundo imeneyi, phokoso linachepa. Musapite ku msonkhano wotere muli nokha ndi pulopozo m'manja, ndipo musalole kuti atsogoleriwa amve nkhaniyi koyamba pamaso pa gulu. Ayendereni kunyumba kwawo msonkhano usanafike.

Panali funso lina limene linachokera kwa agogo ena aamuna, ndipo linasintha zimene tinalemba m'ndondomeko ya chikhalidwe. Anafunsa ngati tidzawauze ana za Aluya ndi malonda a akapolo, kapena tidzangokamba za zakudya ndi zovala pofuna kusangalatsa eni ndalama. Funsoli ndi loyenera kuno, pakuti njira ya akapolo inkadutsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndipo n'chifukwa chake atsamunda anamanga Fort Lister mu 1893. Tinaika mutu umenewu m'ndondomeko, pamodzi ndi mbiri ya ogulitsa akapolo, a Jumbe a ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, yemwe anagonjetsedwa mu 1895. Tinaikamonso za al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wa ku Baghdad, amene buku lake linabala aljebura imene ana a Fomu 1 amalimbana nayo, ndi za luso lolemba zilembo mokongoletsa. Opereka thandizo sanatsutse mutu wa akapolo, ndipo maganizo anga ndi akuti bungwe limene lingaukane ndalama zake n'zosayenera kuzilandira.

Ndibwererenso kubanki, pakuti nkhani yake sinathere pa wapampando. Tinaitanitsa msonkhano wina, maminitsi analembedwanso ndi maina a pa ziphaso, a gulupu analemba kalata yochitira umboni kuti munthuyo ndi mmodzi, ndipo mapepala analowa. Patapita masabata angapo popanda yankho, ndinapita kukafunsa, ndipo anandiuza kuti mgwirizano umene tinasainirana ndi bungwe lija unatchula komitiyo ndi mawu amodzi owonjezera amene pa malamulo palibe. Mapepala anali atangokhala m'kabati, ndipo panalibe amene anaganiza zotiimbira foni ngakhale manambala athu onse anali pamwamba pa fomu. Tinachita kupempha bungwelo kuti lilembenso tsamba loyamba la mgwirizano, ndipo iwonso ali ndi akuluakulu awo osaina amene sakhala muofesi tsiku lililonse.

Kuchedwa kumeneku kunatipweteka m'njira imene palibe anaiyembekezera. Mgwirizano wathu unalembedwa m'makwacha, ndipo mitengo ya mabuku tinaitenga kwa ogulitsa a ku Limbe amene amaitanitsa katundu kunja. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo nthawi imeneyo ndalama zathu zinali zikudikirabe akaunti. Pamene zinkalowa, makotesheni onse atatu amene bungwe linkafuna anali atatha ntchito, ndipo ndalama imene inkagula buku la mwana aliyense inangokwanira kuti ana azigwirizira buku limodzi awiri kapena atatu. Ngati opereka thandizo angalole, pemphani kuti mgwirizano utchule ndalamazo m'madola, kapena muike m'bajeti gawo lapadera lodzatchinjiriza kukwera kwa mitengo. Koma koposa zonse tsegulani akaunti msanga, yankho la pulopozo lisanabwere, ndipo yalani patebulo malamulo, maminitsi, chidindo, ziphaso ndi mgwirizano, muwerenge dzina lililonse mokweza wina akutsatira ndi chala.

Za mphunzitsi sizinavute kupeza, koma zinafuna kusankha mosamala. Anthu odziwa kuwerenga Chiarabu alipo ambiri m'mizikiti ya m'dera lino, komatu kuwerenga Korani mwaluso ndi kuphunzitsa mwana kufunsa mtengo wa chinthu pamsika ndi maluso awiri osiyana. Tinatenga mwalimu wina wachinyamata amene anaphunzira chinenerochi kusukulu, ndipo tinagwirizana kuti ine ndizikhala naye m'kalasi monga patironi wa kalabu, kuti makolo akhale ndi mphunzitsi wa boma womufunsa. Tinamulembera kalata ya mgwirizano yonena alawansi yake, ndipo amasaina mwezi uliwonse akalandira.

Tsiku loyamba anayamba kulemba pabolodi kuchokera kudzanja lamanja kupita kumanzere, ndipo ana onse anatsegula makope awo mbali imene anaizolowera. Anawauza kuti atembenuze makopewo ayambire kuchikuto cha kumbuyo, ndipo kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Zilembo zilipo 28, ndipo zambiri zimasintha maonekedwe malinga ndi pamene zaima, kaya ndi poyamba, pakati kapena pamapeto pa liwu. Chimene chinawasokoneza kwambiri ndi timadontho, chifukwa ba, ta ndi tha ndi zilembo za thupi limodzi: ba ali ndi kadontho kamodzi pansi, ta tiwiri pamwamba, tha titatu pamwamba. Bolodi lathu linali lokumbikakumbika, moti ana a kumbuyo ankalephera kusiyanitsa kadontho ka choko ndi kabowo ka pabolodi, ndipo tinachita kugula penti wakuda amene m'bajeti munalibe. Ikanimo penti, choko chambiri ndi makope a mizere yotalikirana. Posankha mabuku a oyamba kumene, tengani okhala ndi timizere ta mavawelo, fatha, kasra ndi damma, chifukwa mabuku a akuluakulu satilemba ndipo mwana amangoona makonsonanti okhaokha.

Lipoti la ndalama likufuna lisiti pa chilichonse, ndipo bungwe lathu linkakonda malisiti a makina osati olemba pamanja. Kumene kulibe malisiti, monga kwa a kabaza amene anatinyamulira makatoni a mabuku kuchokera pa Chitakale, tinkalemba pepala lonena ntchito, tsiku ndi ndalama, mwini wake n'kusaina pamaso pa msungichuma. Malisiti a makina amafufutika akakhalitsa, makamaka ndi chinyezi cha kuno nthawi ya chiperoni, choncho achiteni fotokope sabata yomwe mwawalandira. Sungani kaundula wa ana obwera ku kalabu ndi zithunzi za makope awo, mutapempha chilolezo kwa makolo. Pa 18 Disembala, limene ndi tsiku lokumbukira chinenero cha Chiarabu padziko lonse, tinaitana makolo kuti adzaone ana akupatsana moni ndi kuwerenga manambala, ndipo zithunzi za tsikulo zinalowa mu lipoti.

Gawo lachiwiri la ndalama linabwera lipoti loyamba litavomerezedwa, ndipo linalowa mu akaunti popanda chovuta. Chaka chino msungichuma wathu akusamukira ku Luchenza, zimene zikutanthauza kusintha wosaina kubanki komweko. Maminitsi osankha wolowa m'malo mwake talemba kale chiphaso chake chili patebulo, ndipo ndapempha a hedi kuti ulendo umenewu apite okha.