Ndakakamira pa 1949: zomwe ndaphunzira za nyimbo za country

Mwezi watha ndinadzipatsa ntchito yophunzira mbiri ya nyimbo za country chaka ndi chaka, kuyambira 1945 pomwe nkhondo yachiwiri inatha. Ndimaona ngati chaka chilichonse chizinditengera masiku awiri basi, koma nditafika pa 1949 ndakhalapo masabata atatu tsopano ndipo mtima sukufuna kuchokapo. Ndimagula bandulo ya usiku, kuvala mahedifoni, kumvera nyimbo motsata mwezi womwe inatuluka, kulemba mukope zomwe ndamva, kenako kukacha ndimayesa pagitala.

Ine ndinakulira mnyumba moti Lamulungu tikabwera kutchalitchi bambo amaika kaseti ya Jim Reeves kapena Don Williams, wailesi ili pawindo, iwo ali pakhonde akupolisha nsapato zovala Lolemba. Ndiye mmutu mwanga country inali nyimbo zofatsa, za akuluakulu, mawu okhuthala oti munthu umve uku ukuwodzera. Zomwe ndapeza mu 1949 ndi zina ndithu.

Choyamba kundidabwitsa chinali dzina lenilenilo. Kufikira chaka chimenecho magazini ya Billboard, yomwe imalemba mndandanda wa nyimbo zomwe zikugulidwa kwambiri ku America, imazitchula nyimbozi kuti folk, ndipo anthu ambiri amangoti hillbilly, dzina lonyoza, ngati mmene wina mtauni anganenere mnzake kuti ndi wakumudzi wosachangamuka. Mu June 1949 ndi pomwe Billboard inayamba kulemba kuti Country & Western. Nthawi yomweyonso nyimbo za anthu akuda zomwe amazitchula kuti race records anazisintha dzina kukhala rhythm and blues. Tangoganizani, mindandanda iwiri, wina wa azungu osauka akumwera wina wa anthu akuda, pomwe anthuwo amalima thonje mmadera amodzi ndipo amamverana nyimbo tsiku ndi tsiku.

Kuti ndimvetse 1949 ndinayenera kubwerera mmbuyo pang'ono. Chaka cha 1948 pafupifupi chonse bungwe la oimba la American Federation of Musicians, pansi pa James Petrillo, linaletsa mamembala ake kujambula nyimbo musitudiyo chifukwa cha mkangano wa ndalama ndi makampani. Makampaniwo anali atajambuliratu nyimbo zambiri kumapeto kwa 1947 nkumazitulutsa pang'onopang'ono, ndipo yemwe analamulira chaka chimenecho anali Eddy Arnold, wa mawu osalala, manijala wake ali Tom Parker, yemwe uja anadzakhalanso manijala wa Elvis Presley. Chiletso chinatha mu December 1948. Patangopita masiku ochepa, pa 22 December, mnyamata wowonda wa ku Alabama wa zaka 25 analowa musitudiyo ya Herzog ku Cincinnati. Hank Williams ameneyo.

Apa ndi pomwe ndathera nthawi yambiri. Nyimbo yomwe anajambula tsiku limenelo nkumukweza, Lovesick Blues, sanapeke ndi iye ayi, inali yakale ya mu 1922 ndipo ena ngati Emmett Miller ndi Rex Griffin anali ataijambulapo kale. Fred Rose, yemwe amayang'anira zojambula zake, sanaikonde, koma Hank anakakamira chifukwa amaona ndi maso mmene anthu amachitira akaiimba pa pulogalamu ya Louisiana Hayride ya wailesi ya KWKH ku Shreveport. Inatuluka mu February 1949 ndipo inakhala pa nambala wani masabata 16. Ndaimvera mwina kokwana makumi atatu. Mawu ake amathyoka pakati pa liwu, kukwera mwadzidzidzi nkubwereranso pansi, ngati munthu amene akuyankhula uku akuletsa misozi, ndiye ukayesa kuwerenga mabiti ndi phazi pali malo ena omwe samayenda mofanana, iye amakoka liwu mpaka pomwe mtima wake wafuna ndipo bandi imangomutsata. Ndinayesa kuiimba pagitala masiku anayi, makodi ake si ovuta kwenikweni koma kathyoledwe ka mawu kaja nkosatheka kukakamiza, kamafuna kuchokera mkati.

A Grand Ole Opry, pulogalamu yaikulu ya pawailesi ya nyimbo za country ku Nashville, poyamba amamukayikira chifukwa mbiri yake ya mowa inali itafika kale, koma nyimbo itagunda chonchi sakanachitira mwina. Pa 11 June 1949 anaimba koyamba pa Opry, mu Ryman Auditorium. Nyumba imeneyi inamangidwa ngati tchalitchi mzaka za mma 1890 ndipo anthu amakhala pa mabenchi a mtchalitchi enieni, nde munthu akuimba za kusweka mtima ndi zakumowa pamalo pomwe kale pamaima mlaliki. Pulogalamuyi imaulutsidwa Loweruka usiku pa WSM, wailesi ya mphamvu ya mawatsi 50,000, yomwe usiku imamveka kutali kwambiri mmadera ambiri a America. Banja lonse kuzungulira wailesi imodzi. Izi sindinavutike kuziona mmaganizo.

China chomwe chandikhudza ndi choti gitala Hank anaphunzira kwa munthu wakuda woimba mumsewu, Rufus Payne, yemwe anthu amamutcha Tee Tot, ku Georgiana ndi Greenville ku Alabama. Payne anamwalira mu 1939, sanaone nkomwe mwana uja akutchuka, ndipo dzina lake silinalembedwepo pa chimbale chilichonse cha nthawi imeneyo. Zimandiwawa ndithu. Banjo nayonso, yomwe ambiri amaiona ngati chida cha azungu akumapiri, inachokera kwa akapolo ochokera kuno ku Africa. Mu December 1949, musitudiyo yomwe ija ya ku Cincinnati, Lester Flatt ndi Earl Scruggs anajambula Foggy Mountain Breakdown, Scruggs akukhwacha banjo ndi zala zitatu mwaliwiro loti khutu limalephera kutsata. Ndinaichedwetsa pafoni kufika theka kuti ndimve chala chilichonse chikugwa pati, komabe ndinangogwira pang'ono.

Funso lomwe ndinalemba pamwamba pa tsamba linali loti, nchifukwa chiyani nyimbo za kumidzi zinaphulika chonchi nkhondo itangotha? Yankho lomwe ndapeza ndi kusamuka kwa anthu. Nthawi ya nkhondo ndi pambuyo pake anthu ambirimbiri anachoka mminda ya ku Kentucky, Tennessee, Alabama, Oklahoma ndi Texas kupita kukagwira ntchito mmafakitale ku Detroit, Cincinnati, Chicago ndi California, ena anapita kuusilikali nkukaphunzitsa anzawo akumpoto nyimbo zakwawo. Munthu ali ndi kandalama mthumba koyamba mmoyo wake koma ali kutali ndi kwawo, madzulo akaweruka amalowa mubala, nkuponya kakobiri mu jukebox, makina oimba zimbale munthu akaikamo ndalama, kuti amve mawu ofanana ndi akumudzi kwawo. Mabala amenewa ndi omwe amatchedwa honky tonk, ndipo phokoso lake ndi lomwe linachititsa oimba ngati Ernest Tubb kuyamba kugwiritsa ntchito gitala yamagetsi kuti nyimbo imveke pakati pa anthu oledzera. Nditawerenga zimenezi ndinaika kope pansi kaye, chifukwa ndinakumbuka azigogo athu omwe anapita ku Joni kudzera ku Wenela, ena kubwera ndi sutikesi ndi galamafoni, ena osabweranso mpaka kumatchedwa matchona. Sindikunena kuti nkhani zake nzofanana zonse ayi, koma kusowa kwanu uli pantchito kutali, mkazi ali kumudzi, zimenezo timazidziwa bwino, ndipo ine ndikukhulupirira kuti nchifukwa chake nyimbozi zitafika kuno sizinasowe pokhala.

Ndipo nyimbo za 1949 sizimabisa zomwe zimachitika mmabanja otere. Floyd Tillman anapeka Slipping Around, yonena za anthu awiri apabanja omwe akuzemberana kunja, nkhani yomwe kale oimba amaizungulira. Margaret Whiting ndi Jimmy Wakely ataiimba limodzi inafika pa nambala wani ku country komanso ku pop. Chaka chomwecho George Morgan anagunda ndi Candy Kisses, Gene Autry anajambula ya Khirisimasi ija ya Rudolph, koma izi ndangodutsamo, sizinandigwire.

Za zimbale ndiye zinandisangalatsa. Mu March 1949 kampani ya RCA Victor inatulutsa timbale ting'onoting'ono tozungulira ka 45 pa mphindi, tolowa mmalo mwa zija za 78 zolemera zomwe zimasweka zikangogwa. Mtundu uliwonse wa nyimbo anaupatsa kala yake, za country zinali zobiriwira, ndipo nambala yoyamba pamndandanda wa zobiriwirazo inali Texarkana Baby ya Eddy Arnold. Kanthu kochepa koma kanasintha jukebox, kanasintha mmene nyimbo zimayendera mmasitolo, ndipo timbale ta mtundu umenewu ndi tomwe tinadzafika mmanyumba ambiri kuno patapita zaka.

Nanga Jim Reeves wa bambo anga uja anali kuti mu 1949? Anali muulutsi pawailesi ku Texas, atasiya baseball chifukwa chovulala, ndipo chaka chimenecho ndi pomwe anajambula nyimbo zake zoyamba pa kakampani kakang'ono ka Macy's ku Houston. Sizinapite patali. Mawu ofatsa omwe timamudziwa nawo aja anadzayamba cha mu 1957 ndi Four Walls, kenako anakayenda ku South Africa mu 1962, nkumwalira pangozi ya ndege mu 1964. Apa ndinazindikira kuti country yomwe ine ndinakulira inali yosefedwa kale, yothiridwa mavayolini kuti ilowe mnyumba za anthu a mtauni, pomwe ya 1949 inali ikadali ndi fungo la thukuta ndi mowa. Zonse ndimazikonda, koma panopa khutu langa lapendekera ku yakaleyo.

Kwathu 1949 ndi chaka cha njala, agogo amawerengera zaka za anthu kuchokera pamenepo, kuti uje anabadwa njala itangotha. Nthawi zonse ndikalemba 1949 mukope ndimakumbuka zimenezo.

Loweruka lapitali ndinapita kwa bambo ndi foni, ndinawaikira I'm So Lonesome I Could Cry, yomwe Hank anajambula pa 30 August 1949 ndipo inatuluka kuseri kwa chimbale cha nyimbo ina. Anamvera osayankhula, dzanja lili pachibwano, itatha anafunsa kuti mkuluyu anali ndi zaka zingati. Ndinati 25 bambo, ndipo sanafike 30, a Opry anamuchotsa mu August 1952 chifukwa cha mowa ndi kujomba, msana umamuvutitsa moyo wake wonse, anamwalira pampando wakumbuyo wa galimoto pa 1 January 1953 akupita kokaimba. Bambo anapukusa mutu nkunena kuti mawu amenewo si a mwana. Kenako analowa mnyumba, anatuluka ndi kamemore khadi ka muwailesi yawo atakakulunga papepala, nkuti ndiwaikiremo zonse za chaka chimenecho zomwe ndili nazo.