Tikka, Howa kapena CZ, ndalama ipite pati?

Anzanga osaka nyama kuno ku Limpopo, ku South Africa, Loweruka tinali ku renji (malo oyeserako kuwombera) ndi abwana kuyesa mfuti zitatu za zipolopolo za saizi ya .308, Tikka T3x, Howa 1500 ndi CZ 600, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso angawa.

Tikka ndi ya ku Finland, imapangidwa ndi kampani ya Sako ku Riihimäki, ndipo eni ake amalonjeza kuti zipolopolo zitatu zigwera mkati mwa 1 MOA, kumeneko ndi pafupifupi masentimita 3 pa mtunda wa mamita 100. Zoonadi pepala lomwe ndinakachotsa pachandamale linali ndi timabowo titatu togundizana, chala changa chachikulu chinaphimba tonse. Bolt yake (kachitsulo kolowetsera chipolopolo) ndiye eee, imangotsetsereka ngati aipaka mafuta, komanso mfutiyo ndi yopepuka ukamayenda nayo m'tchire tsiku lonse.

Koma ine mtima wanga wagwa pa Howa ya ku Japan. Ndi yolemerako inde, koma kulemera komweko ndi komwe kumachepetsa kukankha paphewa, ndipo mabowo ake sanasiyane kwenikweni ndi a Tikka pomwe mtengo ndi wotsikirapo ndithu. Ndalama yotsalayo bola kugulira scope (galasi lochalira) yabwino ndi mabokosi angapo a zipolopolo zoyesera, paja mfuti iliyonse imakhala ndi chipolopolo chake chomwe imagwirizana nacho. CZ ya ku Czech Republic nayonso inachita bwino, kungoti tinawombera pang'ono.

Musaiwale kuno mfuti sugula ngati njinga, pamafunika competency certificate kaye (chikalata chosonyeza kuti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti) kenako laisensi ya ku SAPS, apolisi a ku South Africa. Inu amene muli ndi Howa, pa nswala mumagwiritsa ntchito zipolopolo zolemera 150 grain kapena 165?