Mmene tinkathandizirana pa WhatsApp nthawi ya TP

Pa maphunziro a uphunzitsi a IPTE, ukatha materemu awiri kukoleji amakutumiza kusukulu ya pulayimale kukayeserera kuphunzitsa, ija timaitchula kuti TP. Ambiri tinatumizidwa kumidzi, kutali ndi aphunzitsi athu akukoleji. Ine ndinapatsidwa Sitandade 2, ana odzaza kalasi mpaka pakhomo.

Tisanabalalike tinatsegula gulu la WhatsApp la okhawo ophunzitsa makalasi aang'ono, ndipo tinapempha mphunzitsi mmodzi wa kukoleji kuti alowemo. Tinagwirizana kuti mauthenga a maliro, mpira ndi malonda azipita kugulu lina. Izi zinali zofunika chifukwa bandulo ya Airtel kapena TNM siichedwa kutha, ndipo foni tinkatchajitsa pa sola kumsika.

Nthawi yokambirana inali Lachitatu ndi Lamlungu madzulo. Kumene ndinali netiweki imagwira pachulu kuseri kwa nyumba ya ahedi, choncho mafunso ndinkayamba ndawalemba mu kope, n'kukawatumiza onse pakamodzi.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kafunsidwe. Ukalemba kuti “ana anga sakuwerenga”, anzako amangokupepesa. Koma ukanena kuti ana akutchula bwino “ba” ndi “ma” koma akulephera kulumikiza maphatikizowo kuti apange mawu, mayankho amabwera enieni. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, NRP, imene inayamba mu 2016, imalimbikitsa kuyambira pa maliwu a malembo, ndiye ife tinkajambula mawu athu tikutchula liwu lililonse. Mnzako amamvetsera n'kukuuza pamene ukupotoza. Liwu la “ng'” kulifotokoza polemba n'kovuta, koma ukalimva kamodzi basi wagwira.

Chikonzero cha phunziro tinkachijambula n'kutumiza kutatsala tsiku, kuti ena achione tisanalowe nacho m'kalasi. Za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka m'dera momwemo, nazonso zinkayenda bwino: wina anaonetsa mmene amaphunzitsira kuwonkhetsa ndi zitsekerero za mabotolo, mawa lake ana anga anabwera nazo zodzaza matumba.

Zithunzi za ana ndi mayina awo sitinkaika pagulu, ngakhale mwana atachita bwino chotani. Makolo awo sanatipatse chilolezo chotero.

Malangizo a pagulu ndinkayamba ndawaonetsa kwa amayi amene ankandiyang'anira pasukulupo, chifukwa iwo ankadziwa ana ojomba tsiku la msika ndi amene amabwera osadya. Akavomera, m'pamene ndinkawayesa m'kalasi, kenako Lamlungu n'kukafotokozera anzanga zimene zatheka ndi zimene zakanika.