Kalaliki akasankha mbewu, mtengo uzisintha wokha

Gulu la alimi ogulitsa mbewu zawo pa msika wa Lizulu linandipempha kapulogalamu ka pa kompyuta ya Windows, kosadalira intaneti poti netiweki kumapiri kuno imabwera ndi kupita. Amafuna kuti kalaliki akasankha mbewu pa menyu yotsika yoyamba, menyu yachiwiri izionetsa miyeso ya mbewu imeneyo yokha, ndipo bokosi la mtengo lizitsatira. Kachewere amayenda pa ndowa kapena pa thumba, kabichi pa mutu, matimati pa mulu kapena pa dengu. Ndinagwiritsa ntchito chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha C# ndi Windows Forms, zida zopangira mafomu a mapulogalamu a Windows.

Ambirife timathamangira ku SelectedIndexChanged, event (chizindikiro) imene menyu imapereka munthu akasankha china, nkumakopera mtengo m'bokosi ndi khodi yathu. Zimatheka ndithu, koma bokosi lililonse lowonjezera limafuna mzere wake, ndipo kalaliki akakonza mtengo mumayenera kulembanso khodi youbwezera kumene unachokera. Ine njira imeneyi sindiikonda.

Ndinatenga BindingSource, yomwe inabwera ndi .NET Framework 2.0 mu 2005. Iyo imasunga mndandanda komanso imakumbukira chinthu chimene chasankhidwa panthawiyo. Menyu situmiza kanthu ku mabokosi ena ayi. Imangosuntha malo mu BindingSource, ndipo mabokosiwo amawerenga pamenepo, ngati ana a sukulu otsatira ndodo ya aphunzitsi pa bolodi. Mukamvetsa izi, zotsalazo nzopepuka.

Choyamba ndinalemba ma class awiri, kutanthauza mapulani ofotokoza zimene chinthu chili nazo. Mbewu ili ndi Dzina ndi Miyeso, yomwe ndi mndandanda. Muyeso uli ndi Dzina ndi Mtengo. Zonsezi zikhale ma property okhala ndi get ndi set, chifukwa ma field wamba BindingSource siwaona. Mtengo ndinauika ngati decimal, osati double, poti ndalama sizifuna timanambala tosokera kumapeto.

Kenako menyu yoyamba (mbewuZonse ndi mndandanda wa mbewu zonse, bsMbewu ndi BindingSource yake, cboMbewu ndi menyuyo):

bsMbewu.DataSource = mbewuZonse;
cboMbewu.DisplayMember = "Dzina";
cboMbewu.DataSource = bsMbewu;

Mukaiwala DisplayMember, menyu imangoonetsa dzina la class mobwerezabwereza. DropDownStyle ndinaisintha kukhala DropDownList kuti munthu asamalembemo mbewu zakezake.

Menyu yachiwiri ndiye pali nkhani. BindingSource yake simuipatsa mndandanda wa miyeso mwachindunji, mumaimangirira pa yoyamba ija:

bsMiyeso.DataSource = bsMbewu;
bsMiyeso.DataMember = "Miyeso";
cboMiyeso.DisplayMember = "Dzina";
cboMiyeso.DataSource = bsMiyeso;

Apa mukuiuza kuti iyang'ane mbewu imene yasankhidwa, nkutenga Miyeso yake. Kalaliki akachoka pa kachewere kupita pa kabichi, ndowa ndi thumba zimachoka zokha, pamabwera mutu. Palibe event imene ndinalemba.

Bokosi la mtengo ndinalilumikiza kudzera mu DataBindings.Add, ndikupereka Text, bsMiyeso ndi Mtengo. Ndinatsegula formattingEnabled nkuika N0 kuti makwacha azioneka ogawidwa m'masauzande, osati manambala ongondondozana ovuta kuwerenga.

Pakusunga mpamene muyenera kusamala. Mukapanda kusintha kalikonse, mtengo wolembedwa m'bokosi umalowa mu Muyeso pokhapokha kalaliki atatuluka m'bokosimo. Dzina la kachitidwe kameneka ndi OnValidation. Tsono batani la pa ToolStrip, mzere wa mabatani wa pamwamba pa fomu, silimutulutsa munthu m'bokosi. Iye amalemba mtengo watsopano, nkudina batani losungira, koma chosungidwa nkukhala mtengo wadzulo. Pa msika pomwe matimati amadzuka ndi mtengo wina nkugona ndi wina, zimenezo nzoyambitsa mkangano ndi alimi. Nchifukwa chake m'batanimo ndinayamba ndi kuitana Validate ya fomu, imene imalowetsa mtengo wa m'bokosi mu Muyeso, kenako EndEdit ya bsMiyeso, yotsiriza kusinthako, ndiye nkusunga.

Nyengo ya nyemba itafika anafuna kuwonjezera mbewu. Mukaiika mu List mwachindunji, menyu siidziwa. Ikeni kudzera mu bsMbewu.Add, kapena mndandandawo ukhale BindingList, mtundu wa List wodziwitsa menyu pakasintha kanthu, kuchokera pachiyambi.

Amayi ena a m'komiti anapemphanso menyu ina pambali yoyerekezera mitengo ya mbewu ziwiri. Mamenyu awiri omangiriridwa pa BindingSource imodzi amayendera limodzi: mukasuntha iyi, inayo imasunthanso. Ndinapanga BindingSource yachitatu yoloza pa mndandanda womwewo wa mbewuZonse, yachinayi ya miyeso yake, ndi bokosi la mtengo lakelake, ndipo mbali iliyonse inayamba kuyenda payokha.