Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Masamba a blueberry

Mayi anatisiya mu Okutobala 2019, ntchito yothyola zipatso za blueberry pa famu ina ku Western Cape, m'dziko la South Africa, ili pachimake. Pasipoti yanga inali itatha, ndipo ndalama ya basi yodzera pa Beitbridge mpaka ku Mwanza ndinalibe. Mwambo wa maliro awo ku Ntcheu ndinangowuonera pa WhatsApp, ndili pakati pa mizere, kandowa kali m'chiuno.

Chisoni cha maliro chimapepuka pakapita nthawi, koma changa chinkangokula. Tulo tinkatha pakati pa usiku, chakudya osatsika, foni ikalira osafuna kuyankha ngakhale ali achemwali anga. Malipiro athu ankatengera makilogalamu amene wathyola, ndiye kufooka kwanga kunkaonekera poyera pa tsiku lolandira.

Bambo wina wa ku Mangochi amene tinkagona chipinda chimodzi anandiitana madzulo ena. "Mphwanga, mankhwala akowo ukuwagwira m'manja tsiku lililonse. Akuti masamba a mitengo yomweyi amachiza kukhumudwa, ndaona pa Facebook." Anali atathyola kale odzaza jumbo kuti andiwiritsire. Mpaka lero ndimawathokoza, chifukwa ndi iwo okha amene anazindikira kuti ndikudwala. Koma tiyiyo ndinamukana. Tonse tinkaona mathirakitala akupopera mitengo ija, ndipo masamba sapimidwa ngati zipatso zopita ku Ulaya.

Pambuyo pake ndinawerenga za nkhaniyi. N'zoona kuti masambawa ali ndi zinthu monga chlorogenic acid, yomwe imapezekanso mu khofi, ndipo akatswiri akuzifufuza. Komabe kafukufuku wambiri wokhudza kukhumudwa amachitikira pa mbewa ndi makoswe a mu labotale, pogwiritsa ntchito mankhwala osefedwa bwino komanso a muyezo wodziwika. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi kuwiritsa masamba mu poto pa kompaundi. Zimandiwawa ndikaona ogulitsa akudyera anthu ovutika maganizo ndi mawu akuti "zachilengedwe".

Bambo omwe aja ndi amene anandiperekeza ku kiliniki. Adokotala anandipatsa fluoxetine, mankhwala a matenda a kukhumudwa, n'kundiuza kuti ndisataye mtima, mankhwalawa amatenga milungu ingapo asanayambe kumveka m'thupi. Anandifunsanso ngati ndikumwa zitsamba zilizonse. Anafotokoza kuti St John's wort, chitsamba chimene ambiri amagula pofuna kuthetsa kukhumudwa, chimafooketsa ma ARV ena ndi mapilitsi olera. Nthawi yomweyo ndinaganizira anzanga angapo pa famu paja.

Pofika Khirisimasi ndinali nditayamba kudya bwino, ndipo ndinaimbira achemwali, tinalira limodzi pa foni mpaka mayunitsi kutha. Ndinayamba kusunga ndalama zoti ndikaone manda a mayi nthawi ya Isitala. Pa 27 Malichi 2020 dziko la South Africa linalowa mu lockdown, malire n'kutsekedwa, ndipo za mmene tinakhalira pa famupo ndidzakufotokozerani mu gawo 10.