Baji ya 333i inandipusitsa Lachitatu

Ndilembe msanga izi ndisanaiwale, mutu wangawu suchedwa kutaya zinthu. Ndili m'chaka chachiwiri chophunzira umakaniko pa garaja ina kuno ku Joni, ndipo madala amene amandiphunzitsawo ma BMW akale ndi moyo wawo, mukangoyamba nkhani ya E30, BMW 3 Series ija ya m'ma 1980, tiyi amachita kuzizira m'kapu.

Ndiye Lachitatu kunabwera E30 ya zitseko ziwiri, yofiira psuu, malimu a Alpina (kampani ya ku Germany yowonjezera mphamvu ma BMW), kumbuyo kwalembedwa 333i. Ine foni inali kale m'manja, kujambula, kuponya pa status, eti "lero ndagwira 333i ndi manja angawa". Mwini wake amafuna tikonze mabuleki kenako aigulitse. Madala sanachite nayo chidwi, anangoti mwana wanga tsegula boneti undiuze zomwe ukuona. Ndasuzumira, pampu ya power steering ilipo, kompresa ya aircon ilipo, ndati madala zonse zilimo, ndi yathunthu iyi. Anangoseka nkupita kukasamba m'manja.

Chomwe amasekacho ndachimvetsa madzulo atandikhazika pansi. 333i inapangidwa ku South Africa kokha, ku fakitale ya Rosslyn kufupi ndi Pretoria, kuyambira 1985 mpaka 1987, ndipo zinatuluka zongopitirira pang'ono 200 basi. M3, yomwe ndi E30 yothamanga kwambiri, inkabwera chiwongolero chili kumanzere, pomwe kuno amayenda ngati kwathu chiwongolero kumanja, ndiye a BMW akuno anapanga yawoyawo mothandizana ndi a Alpina, anatenga chi injini cha 733i cha malita 3.2, chija amati M30, nkuchipanikiza mu kagalimoto kakang'ono. Chitalowa malo anatha. Wogula amayenera kusankha, aircon kapena power steering, ziwiri zonse sizimakwana. Ndiye zomwe ine ndimati "yathunthu" ndi zomwe zimayenera kundidabwitsa kkkk.

Apa ndi pomwe pandivuta kuzolowera. Ine ndimadziwa kuti galimoto yodula uiona ndi kuchuluka kwa zinthu, mipando yachikopa, sunroof, mabatani mbwee. Koma pa iyi umayang'ananso chomwe sichiyenera kupezeka. Ndinawatsutsa pang'ono, ndati nanga munthu atakhala kuti anawonjezera yekha pambuyo pake, zaka zonsezi pafupifupi 40 galimoto yadutsa m'manja mwa amakaniko angati? Anavomera kuti zimatheka, nchifukwa chake chizindikiro chimodzi sugamulira mlandu, umapita pa china.

M'mawa mwake tinabwerera pa injini. M30 imayendera tcheni, pomwe M20 ya mu 325i wamba imayendera lamba, uja amati timing belt. Yathuyi kutsogolo kunali chivindikiro cha lamba, chooneka bwinobwino, dzulo lake ndinachiyang'ana koma osachiona. Nkhani inathera pomwepo kunena zoona, koma madala anafuna ndimalize ndekha zotsalazo. Anandilowetsa mkati, ika giya wani. Ndakankhira kutsogolo kumanzere, yalowa. Pa 333i giya wani ili kumanzere koma chakumbuyo, amati dogleg, kuti thuu ndi filii zikhale mzere umodzi pothamanga. Kenako pa dashboard, yeniyeni imakhala ndi kageji ka manambala ka Alpina kokhala pa kabowo kotulukira mphepo, kamaonetsa za kutentha ndi pulesha ya oyilo. Apa panali kabowo wamba kodzadza fumbi.

Chomaliza ndinagona pansi ndi tochi kukayang'ana difu. Pa ma BMW amenewa pamakhala kachitsulo kakang'ono komangidwa pa bawuti, kolembedwa ratio, ndipo ikakhala limited slip (difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha pachabe) ngati ya 333i, kutsogolo kwa nambala kumakhala S. Ndinapala matope ndi sikuludilaiva mpaka manambala aoneka, S kulibe. Ndinatulukako nsana wonse oyilo.

Malimu okha ndi amene anali a Alpina enieni, ndipo mtundu wofiirawo unandinamizanso poti 333i inkatulukadi yofiira, ina mwa mitundu inayi yokha. Koma penti ndi baji ndi malimu aliyense wa ndalama zake agula Loweruka limodzi, pomwe tcheni mu injini sungainamizire.

Mwini wake atabwera ndimaopa kuti pakhala phokoso. Madala anawatengera pambali, "bwana, galimoto yanu ndi yabwino, 325i yosamalika, koma musakaigulitse ndi dzina ili, mudzavutika nalo", nkuwauza kuti akafuna kutsimikiza atenge chassis number akafufuze momwe inatulukira ku fakitale. Bamboyo anangoti kakasi, zikuoneka kuti nawonso anaigula choncho baji ili pomwepo. Zinandimvetsa chisoni ndithu.

Mu kope langa tsopano ndagawa tsamba pawiri, mbali ina zomwe ziyenera kupezeka, mbali ina zomwe siziyenera kupezeka, ndipo mbali yachiwiriyi ndi yomwe ndinalibe. Sabata ya mawa andipatsa homuweki ya 325iS, E30 ina ya malita 2.7 yomwe kuno amaitcha Gusheshe, ndikasiyanitse Evo 1 ya 145 kW ndi Evo 2 ya 155 kW osayang'ana kumbuyo kwa buti. Status ija ndinaifufuta, koma anthu 60 anali ataiona kale, msuweni wanga wa ku Ndirande mpaka pano akundifunsabe kuti 333i ija imathamanga bwanji.