Zilembo 160 ndi kakaseti kochokera ku Joni

Mwezi wa July chiperoni chinagwa masiku anayi osakata kuno ku Chitakale. Phiri silinkaoneka n'komwe, zovala sizinkauma pachingwe, ndipo ine ndinali ndi ntchito ya kusukulu yomwe inkandisowetsa tulo. Ndikuphunzira kamasuliridwe, Loweruka lokhalokha, ndipo mkati mwa sabata ndimathandiza kabungwe kena kotumiza mauthenga a pafoni kwa alimi ang'onoang'ono a tiyi. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tipeze nkhani imodzi yomwe inamasuliridwa kawiri m'chilankhulo chimodzi, tione pamene omasulirawo anasiyana, kenako tifotokoze chifukwa chake. Anzanga ambiri anathamangira ku Baibulo, Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998. Nzeru yabwino ndithu, koma tikanapanikizana tonse pamtondo umodzi. Ine ndinasankha gemu.

Gemu yake ndi Final Fantasy VI. Inabwera kwathu ndili wamng'ono, malume atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni. M'chikwama mwawo, pakati pa mabulangete, munali kamakina kotsekula ngati kabuku, Game Boy Advance SP, ndi tikaseti titatu. Tiwiri tinasowa kalekale. Kamodzi kanatsala m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mabatani a malaya. Nthawi imeneyo ndinkangodinadina osawerenga kanthu, ndipo ndikasochera ndinkazimitsa n'kupita kukasewera mpira wachikulunga.

Kwa amene simunaionepo, gemu ya mtundu uwu si ya mpira kapena yothamangitsana magalimoto. Umayendetsa kagulu ka anthu m'midzi ndi m'mapanga, umayankhula ndi aliyense amene wakumana naye, nkhondo ikabuka umasankha chochita pamndandanda. Zala zimagwira ntchito pang'ono, maso ndiwo amatopa ndi kuwerenga. Iyi ili ndi anthu 14 oti uwayendetse, aliyense ndi mavuto akwawo, ndiponso chigawenga chovala ngati wanthabwala, dzina lake Kefka, chomwe pakati pa nkhani chimapambanadi n'kuwononga dziko. Imayamba ndi mtsikana, Terra, atakwera chimakina cha miyendo iwiri, akuyenda m'chipale chofewa kulowera ku mudzi wa migodi wa Narshe. Chipale chotere sindinachionepo, koma ndi nkhungu imene inali pazenera langa sabata imeneyo, sizinali zovuta kumva kuzizira kwake.

Nditayamba kufufuza m'pamene ndinadziwa kuti kakaseti kanga si koyambirira. Kampani ya Square inatulutsa gemuyi ku Japan mu 1994 pa makina a Super Famicom (dzina la kumeneko la Super Nintendo), ndipo chaka chomwecho inafika ku America pa Super Nintendo ili ndi dzina lina, Final Fantasy III, chifukwa zinzake zitatu za m'mbuyo zinali zisanafike kumeneko. Mu 1999 inatuluka pa PlayStation. Ya Game Boy Advance, yanga ija, inatuluka mu 2006 ku Japan ndi mu 2007 m'Chingerezi. Mu 2014 kunabwera ya pafoni yokhala ndi zithunzi zojambulidwanso, zosalala ngati zidole za pulasitiki, ndipo mu 2022 kunabwera ina yotchedwa Pixel Remaster. Basi funso la aphunzitsi linabala linzake lomwe sanandifunse: pa zonsezi, yoyenera kusewera ndi iti?

Ziwiri ndinazichotsa msanga. Ya PlayStation imawerenga kuchokera pa CD, ndiye nkhondo iliyonse isanayambe umadikira masekondi angapo, ukatsekula mndandanda wa katundu umadikiranso. Mu gemu ya nkhondo mazanamazana, kumeneko n'kukhala pamzere wa kuchigayo tsiku lonse. Ya 2014 anasiya kuigulitsa, ndipo sindinaone wolira maliro ake.

Zitatu zotsalazo ndinaziona ndi maso anga. Ya Super Nintendo ndinaipeza ku Luchenza, kwa achimwene ena okonza mafoni omwe anagula pakaunjika kamakina kakang'ono kamene Nintendo inatulutsa mu 2017, kokhala ndi magemu 21 akale m'kati mwake. Ndinkapitako madzulo ndi kope langa, iwo ali kalikiliki ndi mafoni a anthu, ine ndili pabenchi kukopera mawu a pa TV. Tsiku loyamba anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi achimwene, mwabwera kudzasewera kapena kudzalemba mayeso?" Ndinawayankha kuti zonse ziwiri.

Chingerezi cha 1994 anachilemba munthu mmodzi, Ted Woolsey, m'masiku pafupifupi 30. Kakaseti ka gemuyi kankasunga zinthu zokwana mamegabaiti atatu okha, nyimbo, zithunzi ndi mawu zonse pamodzi. Chijapani chimanena zambiri m'zilembo zochepa, Chingerezi chimafuna malo ambiri, choncho mkuluyu ankadula. Dzina la munthu silinkapitirira zilembo zisanu ndi chimodzi. Matsenga a moto ankangowatcha Fire, Fire 2, Fire 3. Pamwamba pa izo panali malamulo a Nintendo ya ku America oletsa za chipembedzo ndi za mowa: matsenga otchedwa Holy anasanduka Pearl, ndipo zikwangwani za malo omwera mowa zinasanduka za malo omwera khofi. Mtsikana amene ku Japan ndi Tina anakhala Terra.

Poyamba ndinalemba m'kope mwanga kuti Woolsey anali womasulira wosakhulupirika. Ndinalemba ndi mtima wonse, ndi mzere kunsi kwake. Mawa lake Lolemba ndinapita kuntchito, n'kupatsidwa uthenga wa Chingerezi wokumbutsa alimi kuthyola masamba awiri ndi kamphukira, osati masamba okhwima, komanso tsiku limene galimoto lidzafike pamalo oyezera. Uthenga umodzi wa pafoni umalola zilembo 160. Ukapitirira ndi chilembo chimodzi chokha, amauwerenga ngati awiri, ndipo ukachulukitsa ndi alimi onse ndalama yake imaoneka. Ndinayamba monga mmene munthu woleredwa amayambira: "Alimi olemekezeka, tikukukumbutsani kuti". Ndinawerenga zilembo. Zinali 40, gawo limodzi mwa magawo anayi latha ndisananene kanthu. Mawu amodzi okhawo akuti "tikukukumbutsani" adya 16.

Ndinadula moni, ndinadula ulemu, uthenga unakwana n'kupita. Patatha masiku awiri ndinakumana ndi mayi wina wa kumudzi kwathu akuchokera kumunda, dengu lili kumsana. Amadziwa kuti mauthengawo ndimalemba ndine. Anandiimitsa. "Mwana iwe, uthenga wopanda moni uja, ndinayesa wachokera kupolisi. Amako anakuphunzitsa choncho?" Anaseka, ine ndinasekanso, koma usiku umenewo ndinakafufuta mzere uja m'kope.

Chimene ndinayamba kuona pambuyo pake n'chakuti Woolsey akadula, ankabweza china m'malo mwake. Pali pamene Kefka amasiyidwa m'chipululu, nyumba ya mfumu Edgar itamira pansi pa mchenga. Kutukwana kunali koletsedwa, ndiye Woolsey anamulembera chitukwano chosatukwana: amawanena adani akewo kuti ndi ana a woyendetsa sitima ya pansi pa madzi. N'zopanda mutu, koma zimamuyenera munthu wamisala ameneyu, ndipo anthu amazikumbukira mpaka lero. Tom Slattery, amene anamasuliranso gemuyi pa Game Boy Advance, pamalo omwewo analemba kuti ana a nyongolotsi ya mumchenga. Zikugwirizana bwino ndi chipululu, koma sizimaluma chimodzimodzi. Slattery anali ndi malo ochuluka, anabwezeretsa mayina a matsenga monga Fira ndi Firaga, anafotokoza bwino zimene zinali zosamveka, komabe mawu ambiri a Woolsey anawasiya mmene analili. Anadziwa kuti anthu anali atawazolowera ngati nyimbo ya kutchalitchi, yomwe ukasintha liwu limodzi mpingo wonse umakutembenukira.

Munthu amene ananditengera nthawi yambiri ndi Cyan, msilikali wachikulire amene banja lake linafa Kefka atathira poizoni m'madzi a mzinda wa Doma. M'Chijapani amayankhula ngati asilikali a makedzana a kumeneko. Omasulira onse awiri anamupatsa Chingerezi chakale, cha "thou", mpaka kamnyamata kokulira kutchire, Gau, kamangobwerezabwereza liwu lomwelo. Ndinadzifunsa kuti ine ndikanamumasulira bwanji m'Chichewa. Yankho linali pashelefu ya agogo: Cyan angayankhule ngati Buku Lopatulika. "Indetu ndinena kwa inu." Munthu aliyense wa kuno akangomva, adziwiratu kuti uyu ndi wachikale, wolemekezeka, woumirira pang'ono. Ndinayesera mizere yake isanu mwanjira imeneyi ndipo ndinaseka ndekha m'nyumba. Mmene ndinkathawa ntchito ya anzanga ija, ndinakagwera momwemo.

Ndinkaganiza kuti yatsopano ndiye imanena zonse, yakale ndiye imabisa. Si choncho. Dziko litawonongeka, Celes, mtsikana wina wa m'gulu la anthu 14 aja, amatsala pachilumba ndi nkhalamba Cid, akumugwirira nsomba. Ukamupatsa nsomba zoyenda mwaulesi amafa, ndipo Celes, atataya mtima, amakwera pathanthwe n'kudziponya. Chingerezi cha 1994 chinafewetsa malo amenewa, n'kuwaonetsa ngati kudumpha kofuna kudzilimbitsa mtima. Cha 2007 chimanena mosapsatira. Koma ya Game Boy Advance yomweyo inachotsa pamene asilikali amamumenya Celes ali womangidwa m'chipinda cha pansi ku South Figaro, pomwe ya 1994 imaonetsa. Iliyonse ili ndi chimene inakwirira, kungoti malo okwirira ndi osiyana.

Pa nyimbo palibe mlandu wovuta. Nobuo Uematsu anazilembera makina a Super Nintendo, omwe anali ndi kachipangizo kakekake ka mawu kopangidwa ndi Sony. Game Boy Advance ilibe chotere, ndipo ukavala mahedifoni umamva kusokosera kwina kumbuyo ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. Mitundu nayo anaiwalitsa kwambiri, ndipo sikirini yake ndi yaing'ono, 240 kwa 160, pomwe ya Super Nintendo ndi 256 kwa 224. Nditamva nyimbo ya Terra pa TV ya ku Luchenza, ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkadya ndiwo zopanda mchere osadziwa. Komanso ya 1994 ili ndi zolakwika zake zoseketsa. Nambala imene imati munthu wako amazinda bwanji zikwanje sigwira ntchito n'komwe, ndipo wochititsidwa khungu amamenya bwinobwino ngati akuona. Ya 2007 inakonza zimenezi, n'kuwonjezeranso phanga latsopano la zinjoka ndi mizimu inayi yoitana pankhondo.

Pixel Remaster ndinaiona madzulo amodzi okha, pa laputopu ya mnzanga wa m'kalasi amene anagula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Nyimbo anazijambulanso ndi zida zenizeni, zithunzi anazikonza mosaziwononga, koma phanga lija ndi mizimu ija mulibe. Ndinamupempha kuti andionetse sewero la nyimbo, pamene Celes amanamizira kukhala woyimba wotchuka, Maria. Pamenepa osewera amayamba wawerenga mawu a nyimbo, n'kuwaloweza, kenako pabwalo amasankha mzere woyenera, ukaphonya umayambiranso. Mu 1994 "mawu" a woyimbayo anali kulira kwa makina chabe. Mu 2022 muli anthu enieni oyimba m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri. N'zokongola. Koma ine ndinapeza kuti munthu akamandiyimbira ndimasiya kuwerenga, ndipo kuwerengako n'kumene ndinkafuna. Kuigula kumafunanso khadi la kubanki lolipira ndi madola, kuitsitsa kumadya bandulo, ndipo laputopu ndilibe.

Munthu akandifunsa lero, ndimayamba ndamufunsa kuti ali ndi chiyani m'manja. Wa laputopu kapena foni yamphamvu amene akuyamba kumene, atenge ya 2022, sadzadandaula. Wofuna kumva mmene Uematsu ankafunira, apite ku ya 1994. Ine ndinabwerera ku kakaseti ka malume. Chingerezi chake n'chokwanira, chimandiphunzitsa, ndipo magetsi akazima kamakinako kamapitirira kuyaka pansi pa bulangete maola angapo, ngakhale batire lake latopa ndi ukalamba. Mahedifoni ndinasiya kuvala. Pa kasipika kake kusokosera kuja sikumveka kwenikweni.

Ntchito ija ndinapereka masamba asanu ndi limodzi. Aphunzitsi anandibwezera ndi cholembera chofiira pambali pa ndime ya Cyan: "Bwanji simunaike mizere yanu ya Chichewayo? Ibweretseni Loweruka." Panopa ndili nayo khumi ndi iwiri, ndipo umodzi, wa pamene akutsanzikana ndi mkazi wake ndi mwana wake pa sitima ya mizimu, wandikanika katatu. Uthenga wa alimi wa sabata ino unali wa feteleza. Unayamba ndi "Moni alimi," zilembo 11, ndipo unakwana ndi malo a zilembo zitatu otsala.